Timaenje Tiwiri Pamphuno

Kunyumba ankamutchula Namafunso. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake ali wamng'ono, chifukwa sankalola kanthu kudutsa osafunsa kumene kachokera ndi kumene kakupita. Linamutsatira mpaka kuntchito, ndipo linamukhala bwino, pakuti ntchito yake inali yomweyo. Boma likayambitsa ndondomeko, kaya yogawa mabuku, kaya yokumba zitsime, pakatha chaka linkaitana ofesi yawo kuti ikaone ngati zinthuzo zikuthandizadi anthu. Iwo ankapita, n'kufunsa, n'kuwerenga, n'kulemba lipoti. Lipotilo linkapita ku komiti ya ku unduna, ndipo komitiyo ndi imene inkagamula kuti ndondomeko ipitirire kapena ithere pomwepo.

Chaka chimenecho anamupatsa nkhani ya magalasi. Unduna unali utayeza maso a okalamba a m'zigawo zitatu za mzinda wawo n'kuwagawira magalasi owerengera, aulere. Zigawo zina zisanu ndi zinayi zinali pamzere, kudikira. Funso la komiti linali limodzi lokha: kodi anthu akuwavala magalasiwo, kapena anangowaponya m'madirowa?

Namafunso ankawadziwa anthu. Munthu ukamufunsa kuti, "Agogo, magalasi aja mukuvala?" ayankha kuti eya, ngakhale anawakhalira kalekale n'kuthyoka, chifukwa palibe amene amafuna kukhumudwitsa mlendo wobwera ndi fomu m'manja. Ndiye anakonza lamulo lakelake, ndipo ankalinyadira. Anauza ofufuza ake asanu kuti, "Musafunse. Gogodani osawachenjeza, ndipo chitseko chikatseguka, yang'anani kumaso. Magalasi ali pamphuno, chongani bokosi loyamba. Palibe, chongani lachiwiri. Basi."

Anagogoda makomo mazana anayi. Ovala magalasi anapezeka awiri okha pa khumi alionse. Lachisanu Namafunso anapereka lipoti, ndipo patsamba loyamba analemba mosapita m'mbali kuti ndondomekoyi siikugwira, isafalikire kwina. Komiti inali ikumana Lachinayi lotsatira.

Lamlungu masana anapita kukaona bambo ake.

Bambowo anali telala. Ankakhala okha m'kanyumba ka zipinda ziwiri, kokhala ndi masitepe atatu a simenti pakhomo, m'chimodzi mwa zigawo zitatu zija. Magalasi nawonso analandira, koma dzina lawo silinali pa makomo mazana anayiwo, ndipo likanakhalapo Namafunso akanalichotsa. Kwa zaka zambiri maso awo a pafupi anali mayi ake. M'mawa uliwonse mayiwo ankalowetsa ulusi m'masingano khumi, wakuda, woyera, wabuluu, n'kuwabaya pa kansalu kofiira pambali pa makina, kuti bambo azingozula. Mayi atamwalira, kansaluko kanakhala kopanda kanthu. Bambo anayamba kubweza makasitomala, ati msana, pamene aliyense ankadziwa kuti si msana.

Namafunso anagogoda. Makina anasiya kulira mkatimo, mapazi anakhwekhwereza, chitseko chinatseguka. Mosaganiza n'komwe anayang'ana kumaso, monga ankaphunzitsira ofufuza ake. Magalasi panalibe. Mumtima anachonga bokosi lachiwiri, ndipo mtima womwewo unamupweteka. Ngakhale bambo anga, anaganiza choncho.

"Ukundiyang'ana ngati wapolisi bwanji?" anatero bambowo. "Lowa. Ndilibe shuga, ndiye usandifunse chifukwa chake."

"Ndabwera naye, bambo. Ndimakudziwani."

Anakhala pa mpando wa makasitomala, pakati pa mathalauza opachika ndi zidutswa za nsalu. Bambo ake anabwerera pamakina. Dzanja lawo linapita lokha pansi pa kansalu kofiira kaja, osayang'anako, n'kutulutsa magalasi. Anawakhazika pamphuno, ananyambita nsonga ya ulusi, n'kuulowetsa m'kabowo ka singano kamodzi kokha. Makina anayambanso kulira.

Namafunso anawayang'anitsitsa mpaka msoko unafika kumapeto.

"Bambo, magalasiwa mumavala tsiku lililonse?"

"Ayi, ndimawasungira ukwati wako wachiwiri. Ndivalenso liti? Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa."

"Nanga potsegula chitseko muja munawavuliranji?"

Bambowo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, ngati mwana amene wafunsa chifukwa chake madzi amanyowetsa.

"Ukufuna ndithyoke mwendo pamasitepe apo? Awa ndi a pafupi, mwana wanga. Singano, batani, malembo a pa botolo la mankhwala. Ndikaimirira nawo, pansi pamasefukira ngati madzi, ndipo iwe pakhomopo umaoneka ngati utsi. Ndiye munthu akagogoda ndimavula, kuti ndione ngati ndi mwana wanga kapena wodzandilalikira."

Anawavula kuti amuonetse. Pamphuno pawo, mbali iyi ndi iyo, panali timaenje tiwiri tofiira, pomwe magalasi amakhazikika.

Namafunso anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, maso akuthwa ngati a mphamba, ndipo m'ofesi yawo yonse munalibe ndi mmodzi yemwe wovala magalasi owerengera. Makomo mazana anayi, ndipo pakhomo lililonse anayang'ana munthu pa mphindi yokhayo imene munthuyo sangawavale.

Anawafotokozera zonse, lamulo lake, mabokosi awiri, tsamba loyamba. Bambowo anamvetsera ulusi uli kukamwa.

"Ndiye abwera kudzandilanda?"

"Inu sakulandani. Koma enawo salandira."

"Enawo ndani? Mnzanga wosoka nsapato uja wa kutsidya kwa njanji? Dzulo lomweli amandiuza kuti akuwerenga miyezi. Zala zake zonse n'zobayabaya. Amabwera kuno Loweruka kudzabwereka angawa kwa ola limodzi, ine n'kumakhala ngati mlonda."

"Ndalakwitsa, bambo."

"Walakwitsadi," anatero, mosakalipa. "Ine ndikasoka dzanja la malaya chadodolido sindimuuza mwini wake kuti ndi fashoni. Ndimasomola. Pita ukasomole. Koma tiyi timwe kaye."

Lolemba m'mawa anafika ku ofesi asanasese. Anapita molunjika ku chipinda chosungira mafomu, n'kuitana a Chipewa. Awa anali wamkulu wa ofufuza asanu aja, bambo wamtali woyenda pa njinga yamoto, ndipo chipewa chawo chabulauni ankachivula pokhapokha polowa m'nyumba ya munthu.

"A Chipewa, pogogoda muja, simunaonepo chachilendo?"

"Chachilendo ngati chiyani, amayi? Agalu ndinawaona ambiri."

"Pamphuno pa anthu."

A Chipewa anakanda kuseri kwa khutu. Kenako anatsitsa katoni imodzi, anatulutsa fomu, n'kuitembenuza. Kuseri kwake kunali malemba a pensulo, ang'onoang'ono: pamphuno pali timaenje. Fomu ina: magalasi ali patebulo, pa nyuzi yotsegula. Ina: ali m'thumba la malaya, mwendo umodzi ukuonekera.

"Munalemba zonsezi? Bwanji simunandiuze?"

"Ndinakuuzani, amayi, sabata yoyamba, pakhonde paja. Munali ndi foni kukhutu. Munati, a Chipewa, chongani zimene mwaona, nkhani tidzamva pa tiyi. Tiyiyo mpaka lero ndikumudikira. Ndiye ndinkangolemba kuseriku, chifukwa kutsogolo kulibe bokosi la timaenje. Olowetsa mu kompyuta satembenuza pepala, mukudziwa."

Namafunso anakhala pa katoni, nkhope m'manja. A Chipewa anaima pomwepo kanthawi, kenako anavula chipewa, ngakhale sinali nyumba ya munthu.

"Musadzidye mtima, amayi. Lamulo lanu lija si loipa. Anthu amanamadi. Kungoti tinalondera pakhomo, pamene nkhani inali patebulo."

Masana anakwera basi kupita ku unduna, kwa mlembi wa komiti. Anali mayi wachikulire amene anaona apampando asanu ndi awiri akubwera n'kupita, iye ali pa desiki yomweyo, pafupi ndi makina ojambulira mapepala. Pa shelefu kumbuyo kwake panali zikwatu khumi ndi ziwiri zobiriwira, chilichonse ndi dzina la membala.

"Lipoti lanu lili m'menemo kale," anatero mlembiyo, akuloza ndi chibwano. "Labwino, lalifupi patsamba loyamba. Amakonda otero."

"Tsamba loyambalo ndi lolakwika. Ndikupempha mwezi umodzi, ndibwereze kafukufuku yense."

Mlembiyo anaseka pang'ono, mosanyoza.

"Mwana wanga, mwezi kuno kulibe. Lachinayi akutseka mapulani a chaka chamawa. Chimene sichilowa tsiku limenelo chimadikira miyezi khumi ndi iwiri, ndipo zodikira zambiri zimafera m'kabati umo. Inu kwanu mumalemba kuti zoona zituluke. Ife kuno timagamula tsiku limene lalembedwa pa kalendala, kaya zoonazo zafika, kaya zikadali pa basi."

"Ndiye ndichite bwanji?"

"Ena amangokhala chete, chaka chamawa n'kulemba kamzere kakang'ono kumapeto kwa lipoti lina. Palibe amawerenga, palibe amadzudzulidwa. Mukatero, dzina lanu likhala loyera." Anamuyang'anitsitsa. "Koma munthu wofuna zimenezo sakwera basi masana ano. Ndikupatsani mphindi zisanu ndi tsamba limodzi. Limodzi, osati limodzi ndi theka. Ndipo musabwere ndi misozi kapena nkhani ya agogo anu. Bwerani ndi nambala, ndi chimene mukufuna kuti achite nayo."

Masiku awiri sakwana makomo mazana anayi. Namafunso anatenga mafomu onse a bokosi lachiwiri, aja akuti savala, analemba nambala zake pa timapepala, n'kutiponya m'chipewa cha a Chipewa. Mayi wosesa mu ofesi ndi amene anatola, atatsinzina, kuti pasakhale wonena kuti asankha makomo owakomera. Anatola makumi asanu ndi limodzi.

Ulendo uno sanathere pakhomo. Ankapempha kulowa, n'kukhala pansi, n'kutulutsa botolo la mankhwala la malembo ang'onoang'ono. "Agogo, tandithandizeni, apa palembedwa chiyani?" Kwa osadziwa kuwerenga ankatulutsa singano ndi ulusi. Akatero ankangoyang'ana dzanja, kuti lipita kuti.

Manja ambiri ankapita okha, ngati la bambo ake. Lina pansi pa pilo, lina m'kachitini ka tiyi, lina pachifuwa pomwe magalasi ankalendewera pa chingwe cha nsapato mkati mwa bulauzi. Mayi wina wogulitsa nyemba anati amawavala posankha timiyala, ndipo makasitomala anasiya kumubwezera nyemba ndi mano othyoka. Bambo wina wopuma pantchito ya ulonda anawerenga botolo lonse mokweza, mpaka dzina la fakitale, kenako n'kufunsa ngati ali ndi lina.

Koma si onse. Mkulu wina anawatulutsa m'sutikesi, akadali m'pulasitiki. "Ndikavala mutu umawawa ngati andimenya ndi mpini. Ndinaopa kukanena, angati sindithokoza." Agogo ena anaonetsa zidutswa ziwiri, ati mdzukulu anawakhalira. Namafunso analemba zimenezinso, mosachepetsa, ngakhale dzanja linkafuna kuzengereza.

Lachitatu dzuwa likupendeka, iye ndi a Chipewa anawerengera pa mpando wa njinga yamoto. Makumi anayi ndi atatu akuwagwiritsa ntchito. Khumi anapatsidwa osagwirizana ndi maso awo. Asanu ndi awiri anathyoka kapena kutayika.

Lachinayi m'mawa, povala jekete yake yakuda, batani lapakati linatsalira m'manja. Anadzera kwa bambo ake. Iwo sanamulole n'kuvula komwe. Anamuimika pawindo, anavala magalasi, n'kuwerama pamimba pake ndi singano.

"Usapume kwambiri, ndingakusokere ku jekete."

"Ndikuopa, bambo. Ndikukauza anthu khumi ndi awiri kuti ndinawanamiza."

"Sunawanamize. Unayeza molakwika. Wonama sabwereranso ndi tepi." Analuma ulusi. "Za ine usakanene. Akati wakondera bambo ako."

"Sindikanena."

"Koma ukafuna kunena kuti batani ili lasokedwa bwino, unene."

Chipinda cha komiti chinali ndi tebulo lalitali ndi mabotolo a madzi. Nkhani ya magalasi inali yachisanu ndi chiwiri, pambuyo pa ya zimbudzi za m'misika. Wapampando, bambo wonenepa wa imvi m'mbali, anatsegula chikwatu chobiriwira n'kuwerenga tsamba loyamba lakale.

"Apa palibe chovuta. Awiri pa khumi. Tikutseka. Alipo wotsutsa?"

"Wolemba lipotilo, bwana," anatero mlembi. "Ali ndi mphindi zisanu."

Namafunso anaimirira. Anati tsamba limene ali nalo ndi lolakwika, ndipo cholakwacho ndi chake, osati cha ofufuza. Anafotokoza lamulo la pakhomo, ndi chifukwa chake linayeza zosayenera. Mlembi anagawa tsamba latsopano.

Membala wina wa tayi yofiira anaponya cholembera patebulo. "Lachisanu munatiuza kuti sizikugwira. Lero mukuti zikugwira. Lolemba mudzatiuza chiyani? Tikhulupirire pepala liti? Komanso ine sindikumva. Munthu wopatsidwa magalasi, ngati akuwafunadi, angawavule bwanji pongoyankha mlendo?"

Wapampando anali akuwerenga tsamba latsopanolo, chala chikutsata mizere. Atamva funsolo anadzutsa mutu kuti aone Namafunso kumapeto kwa tebulo, ndipo dzanja lawo linakwera lokha, linavula magalasi, n'kuwaika pa pepala.

"Eya, tayankhani limenelo, mayi."

Namafunso anayang'ana magalasi aja.

"Pepani bwana wapampando, ndikhululukireni. Ndikanagogoda pakhomo panu panopa, ndikanachonga kuti simuvala magalasi."

Wapampando anayang'ana dzanja lawo, anayang'ana magalasi ali papepala. Anagwira pamphuno ndi zala ziwiri, pomwe panali timaenje tiwiri tofiira. Mayi wina kumbali anayamba kuseka, kenako tebulo lonse, ndipo wa tayi yofiira, amene magalasi ake anali pamphumi, anawatsitsa mwakachetechete n'kuwaika m'thumba.

"Chabwino," anatero wapampando, kuseka kutatha. "Mwatigwira. Koma makomo makumi asanu ndi limodzi si mazana anayi. Mukutsimikiza?"

"Sindingalumbire pa nambala yeniyeni, bwana. Chimene ndikutsimikiza n'chakuti awiri pa khumi ndi bodza, ndipo ovala ndi ochuluka kuposa osavala. Ndikutsimikizanso kuti pali vuto limene lipoti loyamba silinaone. Munthu mmodzi pa asanu ndi mmodzi mwa amene tawayendera anapatsidwa magalasi omupweteka mutu, ndipo akuopa kukanena."

"Ndiye mukufuna tichite chiyani? M'mawu ochepa."

"Musatseke. Pitirizani, koma aliyense wolandira aitanidwenso pakatha miyezi itatu kuti amuyezenso ndi kumusinthira ngati pakufunika. Ife tiyeza kachiwiri chaka chisanathe, tili pansi m'nyumba, osati pakhomo."

Anakangana kwa theka la ola. Wa tayi yofiira sanagonje msanga, ndipo mwina anali ndi mfundo, pakuti anati komiti isathamange ndi masiku awiri a kafukufuku. Pomaliza anagwirizana pakati: zigawo zinayi chaka chino, zisanu zotsalazo zidikire lipoti lachiwiri, ndipo kuyezanso maso kulowe m'ndondomeko. Analembanso m'maminitsi kuti lipoti loyamba linabwezedwa ndi mwini wake chifukwa cha njira yolakwika. Mawu amenewo Namafunso anawamva akuwerengedwa mokweza, ndipo anamuwawa monga ankayembekezera.

Pakhonde mlembi anamupatsa mndandanda wa zigawo zinayizo, n'kumusisita paphewa. Namafunso anauwerenga ali chiimire. Chachitatu chinali cha kutsidya kwa njanji.

Madzulo, dzuwa likadalipo, anagogodanso pa kanyumba ka masitepe atatu. Bambo ake anatsegula opanda magalasi, timaenje tili psuu.

"Batani lagwira?"

"Lagwira, bambo. Anzanu a nsapato alandira chaka chino."

Bambowo anatembenuka n'kuyamba kusuntha mathalauza pa mpando wa makasitomala, ngakhale mpandowo unali ndi malo okwanira. Kenako anatsokomola.

"Ndiye Loweruka ndizigwira ntchito ngati munthu. Tandiwerengere pepalalo, ndimve ndi makutu anga."

Namafunso anatulutsa mndandanda uja. Malembo anali ang'onoang'ono, ndipo m'chipindamo kuwala kunali kutachepa. Anausendeza kutali pang'ono, kenako kutali pang'ono ndithu, mpaka chigongono chinawongoka.

"Ehe," anatero bambo ake. "Dzanja layamba kutalika."

"Ndi kutopa chabe."

"Mayi ako ankateronso, ati kutopa." Analowetsa dzanja pansi pa kansalu kofiira, anapukuta magalasi ndi m'mphepete mwa malaya, n'kumukhazika pamphuno ndi manja onse awiri, pang'onopang'ono, monga ankamuvekera chipewa cha sukulu. "Werenga. Koma usaimirire nawo, masitepe awo ndimawadziwa ndine."